Chaka Chimene Amuna Athu Analowa M'nandolo

Mudzi wathu wa kwa Mposa unalowa m'buku. Amene analiwerenga amati ndi buku labwino, la Chingerezi chozama, ndipo akuti linatsegula maso a boma pa za umoyo wa amayi akumudzi. Ine sindikutsutsa. Linatibweretsera mbuzi, ndipo nyama yake ndinadya nawo. Koma linandichotseranso mwamuna pakhomo, ndipo mbali imeneyi palibe wophunzira amene anailemba, n'chifukwa chake ndati ndiilembe ndekha.

Kwathu ndi kwa chikamwini. Mwamuna akakwatira amasiya kwawo n'kudzamanga kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi, nkhokwe ndi ya mkazi, ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Mwamuna zake ndi khasu, mphasa ndi mbiri yabwino ngati waisamala. Pamwamba pa zimenezi pali lamulo la apongozi: mkamwini saonana maso ndi maso ndi mayi wa mkazi wake. Akawaona akubwera panjira amapatukira patchire mpaka adutse. M'midzi ina lamuloli ankalifewetsa mkamwini akabereka mwana, koma osati kwathu. Mayi anga ankalikonda ngati mmene ena amakondera fodya wapamphuno.

Mayi angawo ndiwo anali tsinde la mudzi wonse. Nyumba iliyonse inali ya mwana wawo, kapena ya mwana wa mng'ono wawo, kapena ya mdzukulu. Alongo athu onse anali atakakwatira kumidzi ina, choncho mwamuna aliyense wandevu amene ankagona m'mudzimo anali mkamwini wa munthu mmodzi. Mayi akati ayende kuchokera kumtunda kupita kuchitsime, mudzi wonse unkangomveka tswatswatswa, amuna akulowa m'munda wa nandolo. Analinso tcheya wa amayi a chipani, woyambitsa nyimbo tikamapita kukavina kumsonkhano, moti ngakhale amuna a midzi ina, amene sanali akamwini awo, ankawapatukira.

Amuna anga anachokera ku Ngokwe. Anali kalipentala, munthu wofatsa, wamanja abwino, wosachedwa kuseka. Chitseko cha nyumba ya mayi anakhoma ndi iwo, eni ake atapita dala kumunda kuti asakumane. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, ndipo iyeyo ndi bambo ake sankasiyana. Kumene kukulira macheka, iye ali pomwepo, akutola zopala za matabwa n'kumazikoloweka m'makutu ngati ndolo.

Munali m'zaka za m'ma 1980, nthawi yachilimwe, pamene landirova yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango. Masiku amenewo galimoto ya boma inkabwera ndi zinthu ziwiri, msonkho ndi makhadi a chipani, ndipo zonsezi zinkayambira kufuna amuna. Injini isanazime n'komwe, bawo linali litatsala lokha, njere zili m'maenje.

Munatsika mayi wachitsikana ndithu, wovala magalasi, atamanga chitenje bwinobwino pamwamba pa diresi lalitali. Dalaivala anatiuza kuti ndi aphunzitsi a ku yunivesite, anapita kunja kukaphunzira mmene amayi ndi abambo amakhalira m'mabanja, ndipo abwera kudzafufuza. Tinadabwa kuti zimenezo n'zokwerera ndege, chikhalirecho ife tinkazidziwa tili pamtondo, koma tinawayalira mkeka. Ndinene zoona, anali munthu waulemu. Anagwada popereka moni, anadya chinangwa chathu osachinunkhiza, ndipo za chikamwini ankazidziwa kuposa ena a ife. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti munthu wamkulu wodziwa mudzi aziyenda nawo khomo ndi khomo. Munthu wamkulu wodziwa mudzi analipo mmodzi yekha.

Ndiye tangoganizani. Landirova ikafika m'mawa, amuna ankathawa msonkho. Ikachoka kukaima kumsewu, amuna akati asuzumire, akuona apongozi awo ali patsogolo, chitenje cha chipani chili m'chiuno, mlendo akutsatira ndi cholembera. Basi abwererenso m'nandolo. Zinatero masiku onse a kafukufukuyo, ndipo aphunzitsi pakhomo lililonse ankapeza mayi, ana ndi nkhuku.

Pakhomo panga anafunsa mofatsa, "Mundawu mwini wake ndani, mayi?"

"Ndine."

"Nanga nkhokwe amatsekula ndani?"

"Ine ndemwe."

"Bambo a pakhomo pano alipo?"

Ndisanatsekule pakamwa, mayi anga anayankha m'Chiyao kuti, "Pangali," ndiye kuti palibe. Anayankha chimodzimodzi m'nyumba zonse. Sikuti ankadana ndi mlendoyo. Kwathu munthu wobwera pa galimoto ya boma akafunsa za mwamuna, yankho linali limenelo kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mkazi woyankha zina tikanamuyesa wofuna kuthetsa banja. Aphunzitsi sanadabwe kwenikweni, poti m'midzi ina anali atapezadi amuna ambiri atapita ku Joni ndi kumaesiteti a fodya. Anangondiyang'ana mwachisoni n'kundigwira dzanja. Amuna anga anali kuseri kwa bafa, atadzitseka pakamwa ndi kofiya kuti kuseka kusamveke.

Tinaiwalako. Mvula inagwa, tinakolola, inagwanso. Kenako tsiku lina mayi anaitanidwa ku boma ku Machinga, ndipo pobwera anakwezedwa kutsogolo kwa galimoto. Buku la aphunzitsi linali litatuluka, ndipo mudzi wathu unali m'menemo ngati chitsanzo cha mudzi umene amayi akulera ana, kulima ndi kumanga nyumba popanda mwamuna ndi mmodzi yemwe. Azungu ena othandiza analiwerenga n'kugwidwa chifundo. A ku boma anaona mwayi wokhala ndi poonetsa alendo. A chipani ndiye anakondwa koposa, chifukwa masiku amenewo tinkaimba kuti amayi tonse tili ndi nkhoswe mmodzi wamkulu m'dziko, ndipo mudzi wopanda amuna unali umboni wakuti enawa ndi ongodzaza malo.

Kunabwera mbuzi za nyumba iliyonse yopanda mwamuna, ndiye kuti nyumba zonse. Kunabwera mbewu ya mtedza, ndi mayi wophunzitsa kusoka. Mudzi wa kutsidya kwa dambo, umene amuna ake anapitadi ku Joni osabwerako, sunalandire ngakhale nkhuku, chifukwa tsiku limene aphunzitsi anadutsako anapeza nkhalamba zingapo zazimuna zikuwothera dzuwa. Amayi a kumeneko ankatiyang'ana moipa kuchigayo, ndipo sindingawanene.

Kunabweranso alendo, ndipo alendowo ndiwo anali mtengo wa mbuzi zija. Mwezi sunkatha osamva galimoto. Mayi anaika lamulo: injini ikamveka, mwamuna aliyense m'nandolo, ndipo asasiye nsapato kapena kofiya pakhonde. Panabuka vuto la mimba, poti mudzi wopanda amunawo unkabereka chaka ndi chaka ngati midzi ina yonse. Mayi anaganiza usiku umodzi n'kulamula kuti wapakati aliyense azilowanso m'nandolo momwemo. Amayi apakati sanadandaule, poti ndi nthawi yokhayo imene ankakhala pansi masana n'kucheza ndi amuna awo.

Poyamba amuna anaitenga nkhaniyi ngati nthabwala yokoma. Amesinjala a msonkho anasiya kubwera, nanga akadzatani kumudzi umene boma lenilenilo likuti kulibe amuna? Amuna anamanga kachisakasa pakati pa nandolo n'kusamutsirako bawo. Mlamu wanga wamkulu ananenepa chaka chimenecho, ndipo ankati sanaonepo kafukufuku wothandiza ngati ameneyu.

Amuna anga ndiwo anamanga makola a mbuzi mudzi wonse, makola am'mwamba okhala ndi makwerero, olimba moti lina lilipobe mpaka lero. Alendo atafika anawazungulira, kuwagogoda, n'kufunsa amene wamanga. Mayi analoza ine. Anandipatsa hamala, ndinaigwira, anandijambula. Chithunzicho anakachipachika mu ofesi ina ku boma, ndipo amene anachiona amati hamalayo ndinaigwirira kumutu ngati ndikufuna kuswa mtedza. Madzulo ake amuna anga anati, "Amisiri, mawa mundiphunzitseko kukhoma." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwafupi kuposa kale, ndipo ine ndinamva.

Patapita nthawi aphunzitsi anabweranso, ulendo uno okha. Anatsika basi kumsewu n'kuyenda wapansi, popanda landirova, popanda kutumiza uthenga, ndipo zinangochitika kuti mayi anga anali kudambo kokaona mpunga. Linali Lachisanu masana. Anakumana ndi amuna a mudzi wonse akuchokera kumzikiti, atavala mikanjo yoyera, akukangana za nyengo. Anawatsatira pambuyo mpaka aliyense atalowa m'nyumba yake. Pakhomo panga anapeza amuna anga atakhala pampando, mwana ali pamwendo.

"Pepani bambo, inu ndinu ndani pakhomo pano?"

"Ine ndine amene kulibe uja, mayi," anayankha amuna anga. "Takulandirani."

Aphunzitsi anakhala pansi padothi osadikira mkeka, n'kuvula magalasi. Ndinkayesa akalipa, koma anayamba kuseka, kenako kusekako kunasanduka zina, moti ndinawapatsa madzi. Tinawafotokozera zonse, za msonkho ndi za apongozi. Anati lamulo la apongozi ankalidziwa bwino, ankaliphunzitsanso m'kalasi. Chimene sichinawafike m'mutu n'chakuti munthu mmodzi angakhale mpongozi wa mudzi wathunthu. Analumbira kuti akakonza.

Mayi atabwera kudambo, amuna anga anazembera kuseri kwa bafa monga mwa masiku onse. Mayi anamvetsera mlendoyo mpaka kumaliza.

"Mwana wanga, iwe unalemba bwino," anatero. "Ukakonza chiyani?"

"Iyayi amayi, si zoona zimene ndinalembazo. Amuna alipo."

"Alipo, nanga wakana ndani? Koma mbuzi zabereka kale. Pita ukauze azungu akowo adzatole ana a mbuzi m'makolamu, uone ngati amayi awa adzakupatsenso madzi akumwa."

Aphunzitsi anakayesa ndithu, tinamva. Analemba pepala lina lofotokoza kulakwitsa kwawo n'kupita nalo ku boma. Bwana wa mu ofesi ya chithunzi changa ija anawapatsa tiyi, n'kuwakumbutsa kuti nduna inatchula kale mudzi wathu pamsonkhano anthu akuomba m'manja, ndipo wofuna kunena kuti nduna inalakwitsa ayambe watsanzika ana ake. Buku loyamba linawakweza aphunzitsiwo pantchito, linawakwezanso ndege kukalankhula m'maiko akutali. Pepala lachiwiri akuti analiwerenga iwo eni ake ndi amene analitayipa.

Choncho magalimoto anapitiriza kubwera. Amuna ena anazolowera, paja amati mkamwini asamakule mwendo. Koma anga anayamba kuchepetsa mawu. Munthu amene manja ake anali pachitseko chilichonse m'mudzimo ankathamanga chowerama ngati wakuba nkhuku, mwana wake akuona. Zinkandiwawa, ndipo ndinkaopa kumene zikupita. Ndinapita kwa mayi kukawapempha kuti nyumba yanga aichotse pagulu, mbuzi ndibweze. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti azichemwali anga onse alandidwe zawo chifukwa cha nkhope ya mwamuna mmodzi wa ku Ngokwe, poti mwamuna mmodzi akaoneka, alendo ayamba kufufuza m'nandolo monse. Ndinabwerera kunyumba, mbuzi n'kukhalabe m'khola.

Tsiku limene zinathera kunabwera mayi wachizungu wachikulire, wokoma mtima, wokonda ana. Galimoto inatidzidzimutsa, moti amuna anga sanathe kukafika kunandolo. Analowa kuseri kwa bafa, pakati pa iwo ndi ife pali mpanda waudzu wokha. Mzunguyo anagwada pafupi ndi mwana wathu, amene nthawi imeneyo anali akuguluka mano, anamupatsa siwiti n'kumufunsa kudzera mwa womasulira kuti bambo ake ali kuti. Ana onse mayi anali atawaphunzitsa yankho, monga ankatiphunzitsira ife nyimbo. Mwanayo anaima chilili, manja kumbuyo, n'kunena mokweza, monyadira kuti sanaiwale:

"Ine ndilibe bambo. Anatithawa ndili wakhanda."

Mzungu uja analira. Womasulira anapukusa mutu. Mayi anga anagwedeza mutu kuvomereza kuti mdzukulu wakhoza. Kuseri kwa bafa sikunamveke kanthu, ngakhale kutsokomola.

Galimoto itapita, mwana anathamangira kwa bambo ake kukawaonetsa siwiti, n'kuwafunsa ngati wayankha bwino. Anamusisita pamutu. "Wakhoza, amama," anatero. M'mawa mwake anaika macheka, hamala ndi chopalira matabwa m'thumba, n'kundiuza kuti akukafuna ntchito ku Balaka. Sanakalipe, sanatchule munthu. Anakaima kuseri kwa nyumba ya mayi n'kutsanzika chopyoza khoma monga mwa mwambo, ndipo mayi anayankha ali m'kati kuti ayende bwino.

Ndinadikira dzinja lonse. Titakolola ndinasiya mwana kwa mchemwali wanga n'kukwera basi, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Balaka. Kunali fumbi ndi dzuwa lowotcha mapazi m'nsapato momwe. Ndinawapeza pafupi ndi njanji, pachisakasa chamalata, akupala chitseko. Pamwamba panali chikwangwani cha dzina lawo, zilembo zikuluzikulu zofiira zoti ngakhale wodutsa pasitima awerenge. Anandilandira bwino, anandigulira tiyi ndi mandasi, n'kufunsa ngati mano a mwana amera.

Tili mkati mocheza, landirova ya boma inaima pomwepo. Thupi langa linadzidzimuka lokha, maso n'kuyamba kufuna kumene angathawire. Iwo anapukuta manja pamalaya n'kupita kukailandira. Anali bwana wofuna mipando.

Atabwerera anati, "Mwaona, mayi a mwana? Kuno galimoto ikaima imafuna ine."

"Tiyeni kumudzi, bambo. Mwana akukufunsani tsiku ndi tsiku."

"Nanga alendo akamufunsa iyeyo amati chiyani?"

Ndinangoyang'ana m'kapu.

"Bwerani kuno inuyo ndi mwanayo," anatero. "Chipinda chilipo."

Mtima wanga unavomera pomwepo, koma nkhani yotere mtima si umene umagamula. Kuti mwamuna atenge mkazi kupita naye kwina pamafunika chilolezo cha eni mbumba. Atsibweni anga atafunsidwa anakafunsa mayi, ndipo mayi anati mkazi wa pachithunzi sangachoke, alendo amamufunsa. Nkhaniyo inazungulira kwa ankhoswe, kuchoka uku kupita uko, mpaka inafooka yokha. Mwamuna si mtengo woti udzaupeza pomwe unausiya. Kenako tinamva kuti akwatira komweko, mkazi wogulitsa matemba pamsika. Ndinalira masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi.

Khama la aphunzitsi linadzabala zipatso mochedwa. Azungu aja anasintha bwana, ndipo watsopanoyo anapeza pepala lachiwiri lija n'kulamula kuti anthu akaone ndi maso ngati mudziwo uli ndi amuna kapena iyayi. Anabwera mzungu watsopanoyo mwini wake, bwana wa ku boma uja, womasulira, ndi aphunzitsi, atayamba imvi pang'ono koma nkhope ikuwala ngati mwana amene mlandu wamukomera. Amuna anali kale m'nandolo. Aphunzitsi anakana kuti mayi anga awaperekeze. Anadutsa nyumba zonse n'kulunjika kwanga, chifukwa ndi pamene anaona ndi maso awo mwamuna atakhala pampando, ndipo ankandikhulupirira.

"Mayi, musaope," anatero. "Palibe akulandeni kanthu, andilonjeza. Auzeni anthuwa zoona zokhazokha. Bambo a pakhomo pano alipo?"

"Pangali," ndinayankha.

Bwana wa ku boma anamwetulira n'kutulutsa cholembera. Aphunzitsi anandiyandikira n'kunong'ona, "Chonde mchemwali wanga, ndinawaona ine ndi maso angawa. Akalipentala aja. Ali kuseri kwa bafa eti?"

Ndinawagwira dzanja monga anandigwirira ine tsiku loyamba lija, n'kupita nawo kuseri kwa bafa. Kunali kutamera chisoso. Ndinawalowetsa m'nyumba n'kuwaonetsa msomali umene pankapachikidwa kofiya.

"Aphunzitsi, musavutike n'kukonza," ndinawauza. "Buku lanu lija ndi loona tsopano. Linangofulumira kutuluka."

Anavula magalasi monga tsiku lija, koma ulendo uno sanayambe ndi kuseka.

Titatuluka panja tinapeza mzungu watsopano uja akufunsa mwana wanga kuti bambo ake ali kuti. Mayi anga anali ataima chapatali, akumugwedezera mutu kuti ayankhe zimene amadziwa zija. Mwanayo anayang'ana agogo akewo, anayang'ana ine, kenako ananena mokweza mpaka a m'nandolo anamva:

"Ndili nawo bambo anga. Ali ku Balaka, amakhoma zitseko."

Womasulira anamasulira. Bwana wa ku boma uja analemba kuti pakhomopo palibe mwamuna, ndipo mbuzi zinatsala.